Khosi la Allen Iverson

Makolo ankati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. M'masiku awo kunalibe sitolo yokongoza mikanda, n'chifukwa chake ankaganiza kuti khosi limayamba, mkanda n'kubwera pambuyo. Allen Iverson anaona kuti ndondomeko imeneyi ndi yochedwetsa.

Timu ya Philadelphia 76ers inamutenga mu 1996, woyamba pa anyamata onse olowa mu ligi ya basketball ya NBA chaka chimenecho. Ndi wamtali mamita 1.83, msinkhu woti pakati pa zimphona za basketball ankaoneka ngati mwana wotumidwa kukatola mpira. Koma kamwanako kankawazunguza akuluakulu. Mu 2001 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse, n'kuikokera timu yake mpaka ku ndime yomaliza, komwe Los Angeles Lakers inawaonetsa msana wa njira. Malipiro ake a mu NBA okha anapitirira madola 150 miliyoni.

Tsono mikanda! Yagolide, yadayamondi, ina yolendewera mpaka pamimba. Mu 2005 mkulu wa ligiyo, David Stern, anakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa osewera kuonetsa matcheni pamwamba pa zovala akakhala pa zochitika za timu. Iverson anadandaula poyera. Nanga khosi likhale lopanda kanthu ngati la munthu wamba? Pofika 2012, khoti la ku Georgia linalamula kuti ngongole ya madola oposa 850,000 ilandidwe ku akaunti yake. Wokongozayo anali ndani? Wogulitsa mikanda.

Amene anaumvetsa mwambiwu ndi kampani ya nsapato. Mu 2001 Reebok inasaina naye mgwirizano wa moyo wonse: madola 800,000 chaka chilichonse, ndiponso madola 32 miliyoni otsekeredwa, osakhudzidwa mpaka mwini wake atakwanitsa zaka 55. Ine ndimati amene analemba ndime imeneyi analeredwa ndi agogo ake. Anamuyang'ana mnyamata wa zaka 26, nayang'ana gulu la anzake lomutsatira kulikonse, n'kuona kuti malangizo apakamwa sathandiza pano, pakufunika loko.

Ndiye mwambi uja, umene ife timaugwiritsa ntchito potonthoza mwana wolira nsapato zatsopano, kwa Iverson wasanduka ndime ya kontrakiti, yosainidwa ndi maloya. Sakufunikanso kudumpha kapena kuponya mpira mu dengu. Ntchito yatsala imodzi: kupuma mpweya mpaka pa 7 June 2030. Reebok yomweyo inamupatsanso udindo wa wachiwiri kwa mkulu woona za basketball mu 2023, pansi pa Shaquille O'Neal, yemwe anali m'gulu la Lakers lija. Kaya n'kumulemekeza, kaya n'kufuna kumuonera pafupi.

Ndikhulupirira kuti anzake ena omwe anazimiririka mu 2012 afufuza kale nambala yake, ndipo akumuimbira m'mawa uliwonse kumufunsa ngati wayezetsa BP.