Ndinadina "Next" kasanu pa laputopu ya alamu

Laputopu ija sinali yanga. Inali ya alamu, amuna a achemwali anga, amene amasunga mabuku a kalabu ya alimi a kachewere kwathu kuno ku Bembeke. Mkati mwake munali mayina a mamembala, matumba a feteleza amene aliyense anatenga pa ngongole, ndi ndalama zimene anabweza kale. Ndinawapempha pamaso pa achemwali kuti andibwereke, ndipo zinawavuta kukana.

Kwaya ya kutchalitchi kwathu inali itajambula nyimbo zinayi pa foni ngati vidiyo, ndipo anzanga ankafuna mawu okha oti aziika m'makhadi a mawailesi. Ndinadzipereka ndine, poti ndinaphunzirako kompyuta miyezi itatu.

Munali mu June, nkhungu itakuta mapiri, kuzizira kukulowa m'mafupa. Ndinalumikiza laputopu ku intaneti ya pafoni yanga n'kuyamba kufufuza pulogalamu yaulere yosinthira vidiyo. Tsamba limene ndinapeza linali ndi mabatani atatu obiriwira, onse olembedwa "Download". Ndinadina lalikulu kwambiri. Kenako timabokosi tinayamba kubwera motsatizana, kalikonse ndi Chingerezi chake chothinana, ine n'kumangodina "Next". Kasanu konse, osawerenga ngakhale mzere umodzi. Pa kabokosi kachitatu ndinaonadi malo awiri ochongedwa kale. Ndinati eni pulogalamu akudziwa zimene akuchita, n'kupitirira.

Nyimbo zinasinthika bwinobwino, ndipo usiku umenewo ndinagona mtima uli m'malo.

M'mawa mwake ndinapeza laputopu ili ndi alendo amene sindinawaitane. Tsamba loyambira pa intaneti linali litasintha. Pakona pankatuluka timawindo totsatsa juga, mankhwala ochepetsa thupi ndi zithunzi za akazi osavala mokwanira. Pulogalamu ina imene sindinaionepo inkawalitsa zilembo zofiira, ikunena kuti kompyuta yadwala kwambiri ndipo ndilipire madola kuti ichire. Bandulo ya 2GB imene ndinagula dzulo lake inatha dzuwa lisanafike pamutu. Laputopu inkatentha ndi kulira ngati chigayo chili patali.

Apa m'pamene ndikanapita kwa alamu. Sindinapite. Ndinagula bandulo ina, n'kufufuza pulogalamu yaulere yotsukira kompyuta, nayonso n'kubwera ndi anzake atatu. Madzulo ndinatseka timawindo tonse, ndinapukuta laputopu ndi kansalu, n'kukaibweza. Alamu atandifunsa ngati zayenda, ndinati, "Zayenda, alamu, zikomo kwambiri."

Loweruka lake kunali msonkhano wa kalabu. Alamu anatsegula laputopu pa tebulo kuti awerenge ngongole, amayi awiri a m'komiti ataima kumbuyo kwawo kuti aone manambala ndi maso awo. Analumikiza intaneti kuti atsegule uthenga wa ogula mbatata. Chithunzi chinatulukira pomwepo, chachikulu, pakati penipeni. Ine kunalibe, koma achemwali anandiuza kuti alamu anagwetsa chivundikiro cha laputopu manja akunjenjemera, ndipo msonkhano sunapitirire.

Kumudzi nkhani siyenda yokha. Pofika Lamulungu inali itabereka ina: munthu woonera zoterezi pa makina a mabuku a kalabu, ndalama zathu akuzisunga bwanji? Bambo amene wasunga mabuku amenewo zaka zambiri popanda tambala kusowa anasiya kupita kumsika. Achemwali anasiya kuwalankhula. Ine ndinkadya nawo nsima m'nyumba yomweyo, ndikudziwa zonse, masiku asanu ndi anayi. Zimenezi n'zimene zimandiwawa mpaka lero, kuposa kudina kuja.

Tsiku la khumi ndinawapeza kumunda akukumba mbatata. Ndinagwada m'mphepete mwa mzere n'kunena zonse. Anakhala chete nthawi yaitali, khasu lili m'manja. Kenako anati, "Mawa tilawirire ku boma. Thiransipoti ulipira iwe."

Tinakwera njinga yamoto mpaka pamsewu wa M1, kenako minibasi ya ku Dedza. Mnyamata wokonza makompyuta amene tinam'peza sanadabwe n'komwe. Anatsegula mndandanda wa mapulogalamu n'kuusanja potsata tsiku limene iliyonse inalowa. Asanu ndi awiri anali a masiku awiri anga aja. Anatifotokozera kuti zambiri mwa izi si mavairasi enieni. Amene amagawa pulogalamu yaulere amalipidwa ndi otsatsa malonda pa kompyuta iliyonse imene katundu wawo walowa, n'chifukwa chake amamatirira mapulogalamu ena pa imene ukufunayo ndi kukuchongeratu malo ovomera. Ukasankha njira yolembedwa "Express" kapena "Recommended", walola zonse. Ukasankha "Custom", zobisikazo zimaonekera ndipo ukhoza kuzikana imodziimodzi. Anandionetsa pa kompyuta yake. Kuwerenga konseko sikunathe mphindi ziwiri.

Anatiuzanso kuti laputopu ya alamu inali ndi Windows 7, imene Microsoft inasiya kuitumizira zoitchinjiriza mu January 2020, pomwe Windows 10 ili ndi malo oletsera mapulogalamu osafunika oterewa. Makina ambiri amene amafika kumidzi kuno ndi ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo wogula sauzidwa zimenezi. Ndinadzawerenga pambuyo pake kuti mu 2015 kampani ya Lenovo inapepesa chifukwa malaputopu ake ena atsopano ankagulitsidwa ali ndi pulogalamu yotsatsa malonda yotchedwa Superfish. Nkhaniyi siichepetsa mlandu wanga. Ine ndinaona malo ochongedwa aja ndi maso anga.

Mnyamatayo anakopera kaye mabuku a kalabu pa fulashi, anachotsa mapulogalamu onse asanu ndi awiri, anabwezeretsa zoikamo za intaneti momwe zinalili, n'kuwauza alamu kuti asinthe mawu achinsinsi a imelo yawo tsiku lomwelo. Palibe dzina kapena nambala imene inasowa. Ndalama zolipirira ndinazipeza nditagulitsa thumba la mbatata limene ndinkasungira mbewu.

Pobwerera, minibasi ikukwera chitunda, ndinaganiza kuti nkhani yatha. Alamu anayang'ana pawindo n'kunena motsitsa mawu kuti makina akonzeka, koma amayi awiri aja sanapite nafe ku boma.

Loweruka lotsatira ndinapempha mpata pa msonkhano wa kalabu, ngakhale sindine membala. Ndinaimirira kutsogolo, chipewa m'manja, n'kufotokoza kuyambira pa batani lobiriwira mpaka pa bodza langa la "zayenda". Achemwali anakhala kumbuyo kwenikweni, atadzifunditsa chitenje. Nditamaliza, mmodzi wa amayi aja anatsokomola, n'kunena kuti alembi, alamu aja, atsegule laputopu awerenge ngongole, chifukwa dzuwa likupita ndipo ena akuchokera kutali.