Wamanga yekha, koma siikuyaka

Mu 1976, wogula kompyuta ya Apple I ankapereka madola 666.66 n'kulandira bolodi lokha. Kiyibodi, bokosi ndi sikirini ankakaonera yekha. Lero ena amadzisankhira dala mavuto omwewo, ati n'kutchipa.

Munthu amagula purosesa, RAM ndi motherboard, n'kuziyala pamkeka ngati sing'anga. Apa m'pamene amazindikira kuti RAM ya DDR4 siilowa mumpata wa DDR5, ngakhale aikankhe mano ali gwa. Wina amamata thermal paste ngati majarini pabuledi, chonsecho kadontho konga njere ya nandolo n'kokwanira.

Pomaliza adina batani: zii!

Thukuta kamukamu, mawaya onse azulidwanso, tambala walira. Kuseri kwa bokosi, kaswichi ka magetsi kadakali pa 0.