Ulemu upite kwa resitihausi ya ku Limbe

Otamanda Ryalls ndi Mount Soche alipo ambiri, ndipo asiyeni atamande. Koma munthu amene basi inamutula mu Blantyre dzuwa litalowa, m'thumba muli ya thiransipoti yobwererera ndi kachenji pang'ono, amadziwa yekha mwini wake wa alendo mumzinda muno. Ndi resitihausi ija ya kuseri kwa mashopu a ku Limbe, kapena mng'ono wake wa kufupi ndi depoti ya Wenela. Nyumba imeneyi yagoneka mtundu wa Amalawi kwa zaka zambiri popanda woyithokoza.

Simanyada. Pakhomo safunsa ngati munasungitsiratu malo pa intaneti. Mnyamata wa pakauntala amangotsegula kabuku kothimbirira, nkufunsa kuti, "Kugona kapena kupumula, bwana?" Funso limeneli lili ndi nzeru zakuya, ndipo wochokera kumudzi amalimvetsa pakati pa usiku, chipinda choyandikana nacho chikasintha eni ake kachitatu. Mukalipira amakupatsani kiyi womangidwa ku chithabwa chachikulu, kasopo kocheka ndi mpeni, ndi kandulo yoduka pakati. Kanduloyo ndi ulosi. Hotelo zikuluzikulu zimakubisirani za kuthima kwa magetsi ndi majenereta awo, pomwe resitihausi imakuuziranitu zoona musanavule nsapato.

Tsono matiresi. Ndani angawerenge anthu amene anagonapo? Mayi wa ku Nsanje wodzaoda zitenje, bambo wodikira pasipoti, mlimi wobwera ndi fodya ku okushoni, wachibale amene wodwala wake ali ku Gulupu, wokonda mpira amene anachedwa ku Kamuzu Stadium tsiku la Bullets ndi Wanderers. Aliyense anasiyapo kadzenje kake, moti pakati pa bedi pali chigwa chimene chimakulandirani ngati mtondo ulandira chimanga. Simugubuduka, simugwa. Bulangete lake ndi lopepuka dala, kuti mphepo ya Chiperoni mu Juni ikukumbutseni kuti muli ku Limbe osati ku Nchalo.

Koma ulemu waukulu upite kwa nsikidzi. Anthu amazinena zoipa, chonsecho palibe wantchito wokhulupirika kuposa izo mumzinda muno. Sizinyanyala ntchito, sizipempha alawansi. Mukangozimitsa kandulo zimatuluka m'misoko ya matiresi pamzere, kuyamba ndi khosi, kenako m'nthiti, ndipo mukayatsa tochi ya foni mumangoona kamodzi konenepa kakulowa mumng'alu wa khoma mosathamanga, pakuti kwawo nkomweko. Nsikidzi sisankha mtundu kapena chipani. Magazi a Mlomwe, a Mtumbuka, a Myao ndi a Msena amakumana mwamtendere m'mimba imodzi, umodzi umene andale akhala akuulalikira chilandirireni ufulu mu 1964. Ndipo chifukwa cha izo palibe mlendo wa resitihausi amene anaphonyapo basi ya m'mamawa. Ikamakwana 4 koloko amakhala atavala kale, chikwama chili pamwendo.

Za kubafa tisachulukitse. Madzi ambiri a mumzinda muno amachokera kutali, ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, nkumakankhidwa ndi mapampu kukwera mtunda wonsewo, ndiye resitihausi imawapatsa ulemu: ndowa imodzi, anthu awiri. Chitseko chilibe loko, motero mumasamba mukuimba kapena kutsokomola. Oimba kwaya ambiri anakulira mawu m'menemo.

Chitetezo nacho chilipo cha mtundu wake. Kachitsulo kokhomera chitseko kamagwira ndi msomali umodzi, choncho mlendo amakankhirako bedi, ndalama nkuika m'sokosi, foni pansi pa pilo. Kale kunkabweranso alendo ena osaitanidwa, apolisi a chipikisheni, kugogoda chitseko chilichonse kufuna avakabu. Mu Januwale 2017 khoti lalikulu ku Blantyre linagamula kuti gawo lina la lamulo la vakabu likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa akulawirira ku Limbe kukachita geni yake. Komabe mtima wa wogona m'resitihausi umadumpha ndithu chitseko chikagogodedwa usiku, ngakhale ali mlonda wodzabwereka machesi.

Ena amati bwanji osakagona kwa achibale ku Ndirande kapena ku Bangwe. Amenewo sanaonepo nkhope ya mlamu usiku wachiwiri, thumba la ufa likupepuka. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mawu akuti mlendo ndi mame anthu a m'tauni amawatanthauza zenizeni. Resitihausi ilibe mlamu. Sikufunsani kuti mubwerera liti, sikutumani moni kumudzi, ndipo m'mawa simumva mapoto akulira mokwiya kukhitchini. Mumangotuluka, kumwa tiyi wa mandasi pamsika, nkukwera minibasi ya mu Chipembere Highway mukudzikanda mwaufulu.

Choncho inu a khonsolo ya mzinda, mukamadzaganiza zomanga chipilala china pa raundabauti, kumbukirani matiresi aja. Ndipo inu amene mukubwera ku Blantyre sabata yamawa, musaope. Tengani loko wanu, chitenje choyala pabedi ndi tochi, ndipo pemphani chipinda chakutali ndi bala.