Kalata Yochokera ku Joni: Za Mwana Wofuna Kukhala Katswiri wa Tenisi

Johannesburg

Kwa achemwali, ku Kawale, Lilongwe

Okondedwa achemwali,

Tenisi, amene mwana wanu akuti wamukonda atamuonera pa kanema ku Biwi, ndi masewera a anthu awiri kapena anayi omenyerana kampira kaubweya pamwamba pa ukonde, pogwiritsa ntchito raketi, chomenyera chooneka ngati sefa yokhala ndi mpini. Mlongo wanu ali ndi mphamvu yoyankhulapo pa nkhaniyi chifukwa watha zaka zinayi akusesa bwalo la masewerawa kunyumba kwa abwana ake, ndipo ngakhale sanamenyepo mpira ndi kamodzi komwe, mipira imene watola m'maluwa ikuposa ya katswiri aliyense m'dziko muno.

Kawerengedwe ka zigoli nkosokoneza munthu amene anakhoza masamu ku pulayimale, pakuti amayamba ndi 15, kenako 30, ndiyeno nkulumphira pa 40 popanda wofunsa kumene 45 wapita. Amene sanapeze kanthu amamulengeza ndi liwu lakuti love, limene m'Chingerezi limatanthauzanso chikondi, ndipo zimenezi zikugwirizana ndi khalidwe la matchona ena amene amatumiza kumudzi chikondi chokhachokha, randi ayi.

Chitsanzo choyenera kuchiphunzira ndi Lloyd Harris, yemwe anabadwira ku Cape Town mu 1997 ndipo anasulidwa ndi mphunzitsi wotchedwa Anthony Harris. Awiriwa si pachibale ngakhale dzina ndi limodzi, chinthu chimene ku Kawale sichikanaloledwa, chifukwa mnyamatayo atangoyamba kulandira ndalama akuluakulu akanakhala pansi nkuupeza ubalewo. Mu 2021 Lloyd anafika ndime yomaliza ya mpikisano wa ku Dubai, anagonjetsa Rafael Nadal ku Washington, anakhala m'gulu la anthu asanu ndi atatu otsala pa mpikisano wa US Open ku New York, ndipo anakwera kufika pa nambala 31 padziko lonse. Chaka chotsatira dzanja linavulala pamfundo, anachitidwa opaleshoni, ndipo nambala ija inayamba kutsika ngati kwacha.

Chimene achemwali ayenera kumvetsa bwino ndi nkhani ya mphunzitsi. Mu mpira wamiyendo timu ndiyo imalemba kochi ntchito, imagula yunifomu ndi kulipira basi, koma mu tenisi wosewerayo ndiye bwana, ndipo amalipira yekha mphunzitsi wake, matikiti a ndege a anthu awiri, chipinda chogona ndi chakudya, kotero kuti akagonja tsiku loyamba amabwerera kwawo atalemera ndi ngongole. Kevin Anderson wa ku Johannesburg konkuno anapeputsa katunduyu chifukwa poyamba ankamuphunzitsa ndi bambo ake omwe, asanapite ku yunivesite ya Illinois ku America, koma njira imeneyi ku Kawale ndi yotsekeka, popeza alamu ukatswiri wao uli pa bawo. Anderson yemweyo, kuti afike ndime yomaliza ya Wimbledon mu 2018, analimbana ndi John Isner kwa maola 6 ndi mphindi 36, nthawi yokwanira basi kuchoka ku Lilongwe, kufika ku Blantyre, okwera nkudya nsima. Mwana amene amadandaula mwendo akatumidwa kuchigayo aganizire bwino mfundoyi.

Ndi bwinonso kukumbukira kuti Roger Federer, amene mayi ake ndi a ku South Africa, atabwera ku Malawi mu 2015 anadzayendera sukulu za mkombaphala zimene bungwe lake limathandiza, osati kudzasaka ana omenya ndimu ndi chithabwa.

Monga mwinimbumba, mlongo wanu wagamula motere. Raketi yakale imene abwana anataya, pamodzi ndi mipira itatu yothothoka ubweya, idzabwera ndi transipota mu Disembala. Mwanayo azimenyera pakhoma lanu, osati la alandilodi, ndipo azichita zimenezi akaweruka kusukulu. Achemwali akupemphedwanso mwaulemu kuti raketiyo ikafika isasanduke choyanikirapo usipa.

Mlongo wanu wa ku Joni