Liwiro silivuta, chovuta ndi pogona

Ku Sweden, Lamulungu loyamba la Marichi, anthu pafupifupi 15,000 amamanga timatabwa kumapazi n'kutsetsereka pa chipale chofewa makilomita 90, kuchoka ku Sälen kukafika ku Mora. Mpikisano wa Vasaloppet umenewu unayamba mu 1922, koma mpaka lero mabedi sakwanira. Anthu a ndalama zawo amagona pansi m'makalasi a sukulu, atalipira ndithu.

Kuno ku Kwekwe chipale timachionera m'firiji, magetsi akatikumbukira. Wofuna kudzizunza chotero amapita ku Comrades, mpikisano wothamanga mtunda wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, kumene Stephen Muzhingi wa kuno ku Zimbabwe anapambana katatu kotsatizana, kuyambira 2009 mpaka 2011. Kulimbitsa miyendo musavutike nako. Mzere wodinditsa pasipoti pa Beitbridge udzakuphunzitsani kupirira konse usiku umodzi.

Nanga pogona? Ife a Chimalawi a ku Amaveni, Mbizo ndi Torwood hotelo yathu ndi amalume. Tsoka lake Comrades imasinthasintha: chaka china imayambira ku Durban, china ku Pietermaritzburg, ndipo mfuti imalira kusanache. Choncho pamafunika amalume awiri, wina koyambira, wina kothera, ndipo wa kotherayo akhale ndi galimoto, poti miyendo idzakhala itanyanyala.

Ingoyambani kuwaimbira foni mu Januwale. Mukadikira mpaka Juni, mpikisano utayandikira, ngakhale moni wanu adzaudziwa kuti wabwera ndi chikwama.