Mapanga Awiri Avumbwitsa: Za Kusamuka ndi Ana ku Msongwe

Mwambi wakuti mapanga awiri avumbwitsa umanena za munthu amene mvula yamupeza pakati pa mapanga awiri. Akathamangira limodzi, mtima umamuuza kuti linalo ndiye louma bwino, ndipo m'kubwererabwerera amanyowa mpaka kabudula wam'kati. Akale ankachenjeza nawo amitala ndi ena onse a mitima iwiri. Lero amene mwambiwu umamukhudza kwenikweni ndi munthu wa lendi amene wapeza nyumba ina mwadzidzidzi, ali ndi ana, m'thumba mulibe kanthu, ndipo akukhala ku Mzuzu kumene mvula ya m'mwambiyo imagwadi yeniyeni.

Phanga limene aliyense amalilakalaka ndi nyumba ya Housing. Bungwe la Malawi Housing Corporation lidakhazikitsidwa mu 1964, ndipo ku Mzuzu lili ndi nyumba m'madera monga Katoto, za lendi yotsikirapo poyerekeza ndi za anthu wamba. Koma Mzuzu, umene udakhala mzinda mu 1985, udapezeka ndi anthu oposa 220,000 pa kalembera wa 2018, ndipo nyumbazo sizidachuluke motsatana ndi anthuwo. Wolembetsa dzina amadikira, ndipo podikirapo amachita lendi ku Msongwe, ku Masasa kapena ku Mchengautuba. Mapanga awiri amayambira pomwepa: thupi lili m'nyumba ya alandilodi, mtima uli pa fomu.

Nyumba ikapezeka, kaya ya Housing kaya ya munthu, sibwera ndi nthawi yokonzekera. Uthenga wake ndi umodzimodzi: kiyi alipo, koma ndalama zifike Lachisanu chifukwa pali ena akuifunanso. Anthu enawa palibe adawaonapo, komabe ndiwo amayendetsa msika wa nyumba m'matauni onse a Malawi.

Chotsatira ndi masamu. Alandilodi akale amafuna kudziwitsidwa mwezi wathunthu munthu asanatuluke, pomwe atsopano ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu asanapereke kiyi. Choncho wosamukayo amalipira mapanga onse awiri m'mwezi umodzi, kuphatikizapo ya ejenti amene ntchito yake idali kuloza nyumbayo ndi chala. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nkhaniyo idafika msanga kwa eni nyumba kusiyana ndi kwa mabwana olipira malipiro. Ndalama yosamukira imachokera ku banki m'khonde ngati mayi wa m'nyumbamo ali ndi mbiri yabwino yobweza, kapena kwa wakatapila ngati alibe. Wakatapila ndi phanga lachitatu, lopanda denga n'komwe.

Kanyamulidwe ka katundu ndi kamene kamasonyeza bwino kuti akale ankadziwa zomwe ankanena. Wokhala ndi ndalama amachita hayala lole ndipo amasamuka tsiku limodzi. Wopanda ndalama amasamuka sabata yathunthu, pogwiritsa ntchito wilibala yobwereka, mitu ya ana, ndi njinga za kabaza zimene ku Mzuzu amazitcha Sacramento. M'sabata imeneyi banja silikhala kulikonse. Mapoto amakhala ku Msongwe, mbaula ili kwakale. Ufa wafika, mthiko watsala. Matilesi amakhala panjira, pamutu pa bambo, pa chitunda cha dothi lofiira loterera, ndipo ndi nthawi imeneyi pamene kumwamba kumada. Matilesi onyowa ndi mvula ya Epulo ku Mzuzu sauma msanga, poti dzuwa la kumeneko limatuluka ngati likuchita manyazi.

Odziwa kusamuka amayamba ndi zimene ana adzafune usiku woyamba: mbaula, makala, ufa, mapoto, chidebe, kandulo, zofunda ndi mphasa. Kabati yagalasi ndi sofa zimabwera pomaliza. Mabanja ambiri amachita mosemphanitsa, chifukwa aneba atsopano amakhala pakhonde kuwerenga katundu, ndipo palibe mayi amafuna kudziwika koyamba ndi poto wakuda kunsi. Pa chifukwa chomwechi ena amasamuka usiku. Kusamuka usiku kuli ndi zifukwa ziwiri, kubisa maonekedwe a matilesi ndi kuzemba ngongole ya paokala, ndipo aneba akale amadziwa bwino kusiyanitsa ziwirizi.

Ana amathandiza ndipo amaononga pa mlingo wofanana. Wa zaka khumi amanyamula ndowa yodzaza mbale, wa zaka zisanu amanyamula chivundikiro chimodzi n'kuchitaya panjira. Katundu asanathe kulowa, amakhala atafotokozera kale mpanda wonse chimene banjalo lasamukira, malipiro a bambo, ndi zimene alandilodi akale adalankhula Lamlungu. Za sukulu nazo zili ndi mapanga ake. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994, koma kusintha sukulu kumalira kalata ya transifa ndiponso yunifolomu ya mtundu wina, ndipo telala sasoka ulere. N'chifukwa chake mwana amapitiriza kusukulu yakale mpaka teremu ithe, kugona ku Msongwe n'kumakaphunzira kutsidya lina la tauni, ndi jumbo pamutu m'malo mwa ambulera.

Phanga latsopano liyenera kufufuzidwa ndalama isanachoke m'manja, ngakhale Lachisanu likhale pafupi chotani. Denga limayang'anidwa masana, chitseko chili chotseka: timabowo towala pamalata ndi malo amene mabeseni adzakhale m'dzinja. Mita ya ESCOM ikakhala yogawana, pafunika kudziwa amene amagula mayunitsi komanso amene ali ndi chophikira chamagetsi chimene amati sachigwiritsa ntchito. Madzi a mumzindawu amagulitsidwa ndi Northern Region Water Board, ambiri kuchokera ku damu la Lunyangwa, ndipo bilu yosalipidwa siyisamuka ndi mwini wake, imadikira wolowa kumene. Chimbudzi chokumba chiyenera kuonedwa ndi kholo mwana asanachipeze yekha. Zenera losweka lingaoneke laling'ono mu Okutobala, koma mu Juni ndi Julayi, pamene chisanu cha ku Viphya chimalowa m'mafupa, katoni yotseka pamenepo imakhala yofunika kuposa sofa. Makatani oyamba amakhala zitenje za mayi. Zina zonse, mabulangete a kaunjika ndi mbale za ku msika wa Taifa, zimagulidwa pang'onopang'ono malipiro akamabwera.

Kutseka phanga lakale ndi ntchito yomaliza, ndipo ambiri amaiwala kuiikira ndalama. Alandilodi amene kwa zaka zonse sadaonepo denga likudontha amapezeka ndi maso akuthwa tsiku lolandira kiyi. Amawerenga magalasi, amayesa loko, kenaka amaima pa khoma la kuchipinda cha ana, pamene pali chithunzi cha galimoto chojambulidwa ndi khala, ndi mayina onse a m'banjamo pansi pake. Mlandu wotere sukanika, poti umboni udasainidwa. Chigamulo chake nthawi zambiri chimakhala thumba la laimu ndi bulashi, ndipo wopaka amakhala bambo mwini, Loweruka m'mawa, wojambula uja atamugwirira ndowa.