Ulemu kwa A Mzere, Mphunzitsi wa Zamtengatenga ndi Mtokoma

Makolo ena amagulitsa ng'ombe kuti mwana akaphunzire kunja za kayendedwe ka katundu padziko lonse. Mwanayo amabwerako ndi digiri yofotokoza momwe katundu amachokera kufakitale, kukwera sitima, kutsika padoko, mpaka kufika m'manja mwa wogula. Ng'ombezo zimapita pachabe. Maphunziro omwewo alipo kuno kwathu, osalipira fizi, ndipo mphunzitsi wake ndi A Mzere a pamalo omwetsera mafuta. Mkuluyu timangomutukwana. Lero ndimuyamikeko ine.

A Mzere ndi odzichepetsa. Salengeza pawailesi kuti sukulu yatsegulidwa. Amayamba ndi galimoto zitatu m'bandakucha, pofika masana mchira wawo wakhota pangodya, wadutsa msika, watseka geti la tchalitchi. Sasankhanso ophunzira. Bwana wa Prado, dalaivala wa minibasi, mnyamata wa kabaza amene wafika akukankha njinga yake, onse kalasi imodzi, dzuwa limodzi.

Phunziro lawo loyamba ndi mapu. Kale ambiri tinkaganiza kuti petulo amachokera pansi pa pampu basi. Lero ngakhale mayi wogulitsa mandasi m'mbali mwa mzerewo akuuzani kuti dziko lathu lilibe doko, ndipo mafuta amalowa njira zitatu: kuchokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, ku Beira kudzera ku Tete ndi pa Mwanza, ndi ku Nacala pa njanji yodzera pa Nayuchi. Akuuzaninso kuti galimoto yochokera ku Dar es Salaam imayenda makilomita oposa 1,500 kuti ifike ku Lilongwe, itanyamula malita ongopitirira 30,000, omwe mzere wabwino umawamwa lisanalowe dzuwa. Namondwe wa Idai atasakaza Beira mu Marichi 2019, komanso zionetsero zitatseka misewu ya ku Mozambique kumapeto kwa 2024, ophunzira a A Mzere anazindikira kuti mavuto a mnansi ndi ako omwe ngati chitseko cha nyumba yako chili pabwalo pake.

Mkalasimu mumakhala mikangano yapamwamba. Wina ayamba kunena za sitima ya Ever Given, yotalika mamita 400, imene inapingasa mu ngalande ya Suez masiku 6 mu Marichi 2021, sitima mazana n'kuima pambuyo pake. Apo onse amasangalala kumva kuti A Mzere ali ndi abale awo ngakhale panyanja. Koma wina wakumbuyo, atakhala pachigubu, amudula pakamwa: mafuta athu ochuluka amachokera ku mayiko a Aluya, amatsika ndi nyanja ya India, ku Suez akukatani? Kuyunivesite funso lotere amapatsa malikisi. Pano amangokugawira chimanga chootcha.

Pamene ukatswiri wa A Mzere umaonekera kwambiri ndi pa nkhani ya ndalama. Amakufotokozera mofatsa, popeza nthawi ali nayo, kuti mafuta akhoza kukhala ali padoko, madalaivala ali okonzeka, msewu uli bwino, koma mwini mafutawo sadya kwacha. Amafuna madola. Madola athu ambiri amabwera ndi fodya, msika wake umatsegulidwa cha mu Epulo n'kutsekedwa mvula isanayambe, nthawi yomwenso feteleza amafuna madola omwewo. N'chifukwa chake A Mzere amakonda kunenepa chaka chikamapita kumapeto. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, akatswiri anafotokoza pawailesi sabata yathunthu, koma amene anamvetsa msanga ndi amene anali atagonapo m'galimoto. Amadziwanso kuti dziko lili ndi matanki osungira malita 60 miliyoni ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndiponso kuti thanki, ikule bwanji, siidzidzaza yokha.

Pali chinthu china chimene Jay Forrester wa ku MIT anachilongosola cha m'ma 1960, ndipo ophunzira amachiloweza movutika: kagwedezeko kakang'ono kwa ogula kamakula kakamakwera kupita kwa ogulitsa. A Mzere sachilemba pabolodi, amachichititsa. Mphekesera ikangomveka kuti mafuta asowa, munthu amene amathira ochepa okwanira kuntchito ndi kubwerera amati dzazani. Mkazi wake abwera ndi chigubu, mlamu wake ziwiri. Mwini malowo ataona mafuta a sabata atha tsiku limodzi aitanitsa ochuluka kuposa kale, anzake onse chimodzimodzi, ndipo kusowa kumene kunali mphekesera kwasanduka kwenikweni. Ophunzira achita okha, ndi manja awo. Kampani ya Toyota inatchuka ndi nzeru yosasunga katundu wambiri, kuti chilichonse chizifika pa nthawi imene chikufunika. Mavenda a zigubu, omwe ndi ophunzira akale a A Mzere, anaiona nzeruyo n'kuseka. Iwo amasunga kuseri kwa nyumba, n'kudzakugulitsa lita imodzi pa mtengo wa awiri, nthawi zina wothirako palafini.

Odana nawo amati A Mzere amaba nthawi, amakweza mtengo wa minibasi, amagoneka ambulansi. Sindikana. Koma tandiuzeni mphunzitsi wina amene walemba ntchito anyamata osungira anthu malo, wagulitsitsa mandasi usiku, ndipo wachititsa bwana kupempha nambala ya foni ya mnyamata wothira mafuta, akumutchula kuti achimwene.

Mayeso awo ndiwo ovuta. Galimoto ya mafuta ikatulukira, anthu amaimba mahutala ngati kwabwera mkwatibwi, ena kuithamangira. Kenaka zimveka kuti yanyamula dizilo, inu muli wa petulo. Mwina ndi petulo ndithu, mzere uyenda, inu kukankha galimoto pang'onopang'ono kuti musawononge madontho otsala, mpaka patsale galimoto imodzi patsogolo panu. Mnyamata uja akoleka paipi, osakuyang'anani kumaso.

"Atha, bwana."

Musanatsegule pakamwa, foni yalira. Pa gulu la WhatsApp wina walemba kuti ku Kanengo yangofika ina, ndipo A Mzere, mwa khama lawo, afika kale kumeneko.